Liwu limodzi, matanthauzo ambiri: kuphunzitsa liwu la Chingerezi lakuti *flag*

Pa bolodi la kalasi ya zinenero ziwiri pamapezeka kawirikawiri mizere ya mawu yoima moyandikana: wa Chinyanja kumanzere, wa Chipwitikizi pakati, ndipo ana akafika pa msinkhu woyamba Chingerezi, mzere wachitatu kumanja. Mphunzitsi amalemba kuti mbendera, *bandeira*, *flag*. Ana amabwereza mokweza, nkukopera m'makope mwawo. Njira imeneyi ndi yachangu, ndipo pa tsiku loyamba imagwira ntchito yake. Vuto lake limadzaonekera patsogolo. Mwana yemweyo, atasunthira m'makalasi a m'mwamba, akumana ndi chiganizo chakuti *The runners began to flag after ten kilometres*, ndipo poti anauzidwa kuti *flag* ndi mbendera basi, amasulira kuti othamanga aja anayamba kukweza mbendera atayenda makilomita 10. Chiganizocho chikunena kuti anayamba kulefuka. Mbendera mulibemo m'pang'ono pomwe.

M'phunziro lino titenga liwu limodzi lomweli ndi kuliunika mbali zonse. Cholinga ndi chakuti inu, amene mukukonzekera kukaima patsogolo pa kalasi, mudziwe matanthauzo ake ndi mmene eni chinenero amaligwiritsira ntchito tsiku ndi tsiku, komanso kuti muone mmene Chinyanja cha mwana chingamuthandizire kumvetsa liwu lachilendo lokhala ndi matanthauzo angapo.

Chingerezi si chinenero chakutali kwa ana athu. Mayiko onse asanu ndi limodzi amene achita malire ndi Moçambique amachigwiritsa ntchito m'boma ndi m'sukulu, ndipo dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995. Mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano ali ndi abale ku Dedza ndi ku Ntcheu. Wina adzaoloka pa Zóbuè, pa Calómuè kapena pa Cassacatiza kukachita malonda. Wina adzafuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, kumene malangizo ena a makina amabwera m'Chingerezi. Pafupifupi onse adzagwira foni imene nthawi zina imalankhula Chingerezi popanda kufunsa mwini wake.

Tiyambe ndi mbendera yeniyeni

Tanthauzo loyamba, limenenso ndi lofala kuposa onse, ndi la nsalu yokhala ndi mitundu ndi zizindikiro, yoimira dziko, gulu kapena bungwe. Apa ana sasowa poyambira, pakuti mbendera amaiona pabwalo la sukulu akamaimba *Pátria Amada*. Mbendera ya dziko lathu imene tili nayo lero inakhazikitsidwa pa 1 Meyi 1983. Ili ndi mizere itatu yopingasa, wobiriwira pamwamba, wakuda pakati ndi wachikasu pansi, yolekanitsidwa ndi timizere toyera. Kumbali ya mtengo kuli chigawo chofiira cha ngodya zitatu, ndipo m'menemo muli nyenyezi, buku lotsegula, khasu ndi mfuti. Malamulo aakulu a dziko amafotokoza mitundu imeneyi: kufiira ndi kulimbana ndi utsamunda komanso nkhondo yomenyera ufulu, kuda ndi Africa, kubiriwira ndi chuma cha m'nthaka, chikasu ndi chuma cha pansi pa nthaka, kuyera ndi chilungamo cha nkhondo ya anthu a Moçambique ndiponso mtendere. Ana a m'malire amadziwanso mbendera ya Malawi, yakuda, yofiira ndi yobiriwira, yokhala ndi dzuwa lotuluka. M'midzi yambiri mbendera imaoneka pakhomo pa mfumu, kuyambira pamene lamulo la boma la 15/2000 linavomereza atsogoleri a m'midzi ndi kuwalola kuonetsa zizindikiro za dziko.

Liwu lathu lakuti mbendera nalonso lili ndi mbiri yoyenera kuuza ana. Ndi la pachibale ndi *bandeira* wa Chipwitikizi komanso *bendera* wa Chiswahili. Ana akaona kuti liwu limene amaliyesa lakwathu lenileni linachita kubwera ndi kuvekedwa "m" kutsogolo kuti likhale bwino pa lilime lathu, amayamba kuzindikira kuti mawu amayenda ndipo amasintha pa ulendo.

Ngakhale pa tanthauzo losavuta limeneli pali mawu oyenda nalo limodzi amene mwana sangawalote. Kukweza mbendera ndi *to raise the flag* kapena *to hoist the flag*, kutsitsa ndi *to lower the flag*, ndipo mtengo wake ndi *flagpole*. Chodabwitsa ndi chakuti kwa Angerezi mbendera imauluka: amati *the flag is flying*, ndiponso *we fly the flag*. Ife timati mbalame ndi ndege ndizo zimauluka, mbendera imangogwedezeka ndi mphepo ili pa mtengo pake. Pa masiku olira maliro a fuko mbendera imaima pakati pa mtengo, zimene Chipwitikizi chimati *a meia haste*, Chingerezi cha ku Britain *at half-mast*, cha ku America *at half-staff*.

Musanapitirire, funsani ana funso ili: kodi mbendera imagwira ntchito yanji? Mukawapatsa nthawi adzafika pa yankho lakuti imaoneka patali ndipo imapereka uthenga popanda munthu kutsegula pakamwa. Yankho limeneli ndilo thunthu limene nthambi zambiri za liwuli zaphukira.

Dzina likasanduka mneni

Chingerezi chili ndi chizolowezi chimene Chinyanja ndi Chipwitikizi zilibe, chotenga dzina nkuligwiritsa ntchito ngati mneni popanda kusintha lembo lililonse. Ife sitinena kuti "kumbendera", ndipo mwana sayembekezera kuti liwu limene analiphunzira ngati dzina la chinthu lingaime pamalo a mneni. Koma m'makalata a ntchito, m'nyuzipepala ndi pa foni, *flag* amapezeka kwambiri ali mneni.

*To flag something* ndi kuika chizindikiro pa chinthu kuti chionedwe kapena chifufuzidwe. *The head teacher flagged three names on the list* akutanthauza kuti mkulu wa sukulu anachonga mayina atatu pa mndandanda kuti wina awayang'anitsitse. Pa msonkhano munthu akati *I want to flag a problem*, akuti akufuna kudziwitsa anzake za vuto lisanakule. Wolandira makalata a pa intaneti amatha kuika kambendera kakang'ono pambali pa kalata imene akufuna kudzaibwerera, ndipo pa Facebook kapena YouTube *to flag a post* ndi kuneneza zimene wina walemba kuti eni ake a malowo azione ngati zikuphwanya malamulo. Akatswiri a kompyuta nawonso amatcha *flag* kachizindikiro ka m'pulogalamu kamene kamangonena kuti inde kapena ayi.

Tanthauzo limeneli mungalifotokoze bwino koposa ndi zimene ana amaziona m'misewu ya kwathu. Pakagwa maliro pafupi ndi msewu, anthu amayala nthambi za masamba aawisi mopingasa, ndipo woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro, wanjinga nkutsika. Lole ikafera pamsewu, woyendetsa amaika nthambi kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Wonyamula matabwa kapena zitsulo zazitali amamangirira kansalu kofiira kumapeto kwa katundu. Nthambi zija si mbendera, koma ntchito yake ndi imodzimodzi, yakuti wodutsa aone ndipo asamale. Mwana amene wamvetsa za nthambi za pamaliro wamvetsa kale *to flag*, changotsala ndi kumupatsa liwulo.

Pali chiganizo chimodzi chimene ndi bwino kuchiphunzitsa mwapadera kwa ana okulirapo, chifukwa chimadza pa foni: *Your account has been flagged*. Tanthauzo lake ndi lakuti akaunti yaikidwa chizindikiro kuti iunikidwe. Silinena kuti yatsekedwa, kapena kuti ndalama zapita. Anthu achinyengo amakonda mawu otere pofuna kuopseza munthu kuti awapatse nambala yake yachinsinsi, ndipo amene sakumvetsa chiganizocho ndiye amachita mantha msanga. Uzani ana kuti banki kapena kampani ya foni sifunsa nambala yachinsinsi pa uthenga, ndipo akauzenso makolo awo kunyumba.

Mneni yemweyu akatsatana ndi *down* amapereka tanthauzo lina. *To flag down a bus* ndi kuimika basi pamsewu potambasula dzanja, monga momwe tonse timachitira podikira chapa. Palibe amene amanyamula mbendera pochita zimenezi, dzanja ndilo lalowa m'malo mwake. Chenjezani ana kuti *down* ameneyu asawasokeretse nkuganiza za kutsitsa mbendera.

Mpira wa miyendo ndi mthandizi wina wamkulu, makamaka kwa ana amene amatsatira masewero a ku England. Woyimbira mpira amathandizidwa ndi anzake awiri othamanga m'mbali mwa bwalo, aliyense ali ndi kambendera m'manja. Olengeza masewero akati *the flag is up*, ndiye kuti wothandizira uja wakweza kambendera, kawirikawiri chifukwa cha ofusayidi. Pa ngodya zinayi za bwalo pamaima *corner flags*, ndipo malamulo a mpira amati mtengo wake usachepere mita imodzi ndi theka. Pa mpikisano wa galimoto, monga wa Formula 1, mbendera ya timabokosi takuda ndi toyera, *the chequered flag*, ndiyo imasonyeza kuti mpikisano watha.

Zining'a za mbendera

Gulu lachitatu ndi la mawu amene anayamba ndi mbendera yeniyeni koma lero amanenedwa ngakhale palibe nsalu iliyonse. M'Chinyanja zotere timazitcha zining'a, ndipo ana amadziwa kale kuti munthu wa "dzanja lalitali" sanayezedwe ndi chingwe.

Chofunika koposa ndi *red flag*. Mbendera yofiira ndi chenjezo la ngozi: pa magombe ambiri a nyanja imaletsa anthu kusambira, ndipo pa mpikisano wa galimoto imaimitsa onse. Kuchokera pamenepo liwuli linayamba kutanthauza chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti pali choipa chobisika. Azachipatala amanena za *red flag symptoms*, zizindikiro zimene zikaoneka wodwala asachedwe naye, monga mwana wotentha thupi amene wayamba kukomoka kapena kuuma khosi. Wowerengera ndalama akapeza malisiti osagwirizana amati wapeza *red flag*. Achinyamata pa intaneti amatcha *red flag* khalidwe la bwenzi limene likuchenjeza kuti m'banja mudzakhala misozi, ndipo apanganso mnzake wa liwuli, *green flag*, wonena za khalidwe lolimbitsa mtima. Womasulira amene angalembe kuti "mbendera yofiira" m'kabuku ka zaumoyo adzasiya mayi akufunafuna nsalu, pamene chofunika ndi chakuti athamangire kuchipatala. Mawu oyenera ndi akuti chizindikiro choopsa kapena chenjezo, monga momwe Chipwitikizi chimanenera kuti *sinal de perigo* kapena *sinal de alerta*. Dziwaninso kuti m'mabuku a mbiri *the red flag* ikhoza kukhala mbendera yeniyeni yofiira ya magulu a apantchito ndi a sosholizimu. Nkhani imene mukuwerenga ndiyo idzakuuzani.

*White flag* ndi yosavuta, chifukwa Chipwitikizi chili ndi *bandeira branca* pa tanthauzo lomwelo. M'malamulo a nkhondo, monga mapangano a ku The Hague a 1899 ndi 1907, mbendera yoyera ndi ya munthu wotumidwa kukalankhula ndi adani, ndipo woinyamula sayenera kuwomberedwa. M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku *to wave the white flag* ndi kugonja, chimene ife timati kukweza manja.

*Flagship* poyamba inali sitima ya nkhondo imene munkakwera mkulu wa gulu lonse la sitima, ndipo inkadziwika ndi mbendera yake. Lero mudzaliona liwuli m'malipoti a mabungwe: *our flagship programme* ndi ntchito yaikulu imene bungwe limanyadira ndi kuiika patsogolo pa zina zonse. Mulibe sitima, mulibe mbendera. *Flag carrier* ndi kampani ya ndege yoimira dziko, monga LAM kwathu kuno, imene m'Chipwitikizi imatchedwa *companhia de bandeira*. *Flag of convenience* ndi mawu a pa nyanja: mwini sitima amakailembetsa ku dziko lina kumene misonkho ndi malamulo ndi zopepuka, ndipo sitimayo imayenda ndi mbendera ya dzikolo. Nchifukwa chake sitima zambiri za katundu zimanyamula mbendera za Panama, Liberia ndi Marshall Islands ngakhale eni ake sakhala kumeneko.

Mawu ongofanana nkhope

Zonse zimene tanena kufika pano ndi za banja limodzi. Tsopano tifike pa matanthauzo amene mabuku otanthauzira mawu amawalemba padera.

Loyamba ndi lija la othamanga. *To flag* apa ndi kulefuka, kufooka kapena kuzilala. Amanena za munthu wotopa, komanso za chidwi, changu, malonda ndi macheza: *their interest began to flag* ndiye kuti chidwi chawo chinayamba kuzilala, *flagging sales* ndi malonda amene akulowa pansi. Pali mfotokozi wakuti *unflagging*, wotamanda munthu wosatopa, monga *her unflagging support*, thandizo lake losalekeza. Pothandiza ana kukumbukira, mungawaonetse mbendera ya pasukulu pa tsiku lopanda mphepo, italendewera pa mtengo ngati tsamba lofota.

Lachiwiri ndi mwala. *Flagstone*, kapena mwachidule *flag*, ndi mwala waphanthiphanthi woyala pansi m'nyumba, m'tchalitchi kapena m'njira. Liwuli linachokera ku *flaga* wa Chinorse chakale, chinenero cha anthu a ku Scandinavia amene anakhazikika kumpoto ndi kummawa kwa England kuyambira m'zaka za m'ma 800. Wowerenga nkhani za ku Britain akapeza kuti munthu anagwada *on the cold flags*, asaganize kuti ananyoza mbendera ya dziko, anagwada pa miyala yozizira. Lachitatu ndi chomera cha m'madambo a ku Ulaya chotchedwa *yellow flag*, cha masamba aatali osongoka ndi maluwa achikasu.

Kusiyana kwa magulu awiriwa ana akukudziwa kale m'chinenero chawo, ngakhale sanakupatse dzina. Taganizirani za mneni wakuti kumva. Timamva mawu, timamva fungo, timamva njala, timamva Chipwitikizi, ndipo mwana wosamva ndi wamwano ngakhale makutu ake ali bwinobwino. Matanthauzo onsewa ndi a pachibale, ndipo aliyense angaone ulusi umene ukuwalumikiza. Chimodzimodzi kupsa: nyumba imapsa, mango amapsa, nsima imapsa, mtima umapsa. Umu ndi mmene mbendera, kuchonga dzina, kuimika basi ndi *red flag* zilili. Koma mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi mawu awiri osiyana amene anangokumana m'kalembedwe, monganso khungu la pathupi ndi khungu la wosaona. Umu ndi mmene mbendera ndi mwala uja zilili. Pali kusiyana kumodzi kumene muyenera kukutchula: ife mawu oterewa timawalekanitsa ndi kamvekedwe polankhula, liwu kukwera kapena kutsika, pamene *flag* wa mbendera ndi *flag* wa mwala amamveka chimodzimodzi. Pa mfundo imeneyi chitsanzo chapafupi ndi *manga* wa Chipwitikizi, amene ndi chipatso komanso mkono wa malaya. Ana amaseka akakumbutsidwa kuti m'Chinyanja "manga" yemweyo ndi lamulo lakuti umange mtolo kapena nyumba.

Mmene mwana angadziwire tanthauzo loyenera

Kuloweza mndandanda wa matanthauzo sikokwanira. Mwana afunika njira yoti aziyesera yekha akakumana ndi liwuli, ndipo njirayo imadalira galamala imene anaiphunzira kale m'Chinyanja.

Ayambe wayang'ana liwu limene lili kutsogolo. Ngati pali *a*, *the*, *our* kapena mfotokozi, ndiye kuti *flag* ndi dzina, ndipo kawirikawiri ndi mbendera kapena chining'a chake. Ngati ndi mneni, afunse funso limene timafunsa posiyanitsa mneni woyambukira ndi wosayambukira: kodi pali pamtherankhani? *She flagged the mistake* ali ndi pamtherankhani, choncho ndi kuika chizindikiro. *She flagged in the afternoon* alibe, choncho ndi kulefuka. Ziganizo ziwirizi zimayamba ndi mawu ofanana, ndipo ndi bwino kuzilemba pa bolodi chimodzi pansi pa chinzake. Lamuloli lili ndi popatuka pake: pa mpira amati *the assistant flagged for offside*, popanda pamtherankhani, koma tanthauzo ndi kukweza kambendera. Apa mwininkhani ndi liwu lakuti *for* ndizo zimaulula. Chomaliza, msintho wochitidwa, umene ife timaupanga ndi -idwa kapena -edwa, umatheka ndi mneni woyambukira yekha. Choncho *has been flagged* sangatanthauze kutopa.

Onaninso chimene chimachitika tikadutsira m'Chipwitikizi chokha. *Bandeira* amangokwanira pa dzina. Kuika chizindikiro ndi *assinalar* kapena *sinalizar*, kuimika basi ndi *mandar parar*, kulefuka ndi *esmorecer* kapena *fraquejar*, mwala uja ndi *laje*. Mwana wa kumudzi amene Chipwitikizi chake chikadali chanthete sangathandizidwe pouzidwa kuti *to flag* ndi *esmorecer*, pakuti mwamupatsa liwu lachilendo kuti amasulire nalo liwu linanso lachilendo. Mukanena kuti kulefuka, nkhani yatha pomwepo. Alipo aphunzitsi amene amaona ngati nkulakwa kulankhula Chinyanja pa phunziro la Chingerezi. Maganizo amenewa ali ndi mbali yoona, pakuti mwana afunika kumva ndi kulankhula Chingerezi chambiri, ndipo phunziro lonse likathera m'Chinyanja sadzachiphunzira. Koma mphindi zisanu za kufotokoza m'chinenero cha mwana zimapulumutsa nthawi yaitali ya kugwedeza mitu popanda kumvetsa. Maphunziro a zinenero ziwiri m'dziko muno anamangidwa pa mfundo yomweyi, ndipo Chinyanja chinali m'gulu loyamba: pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, ana a ku Tete anaphunzira m'Chinyanja ndi Chipwitikizi, anzawo a ku Gaza m'Chichangana ndi Chipwitikizi.

Katchulidwe ndi kalembedwe

*Flag* ndi phatikizo limodzi. M'Chinyanja phatikizo limathera pa lembo la liwu, choncho lilime la mwana limafuna kunena kuti fu-la-gi, maphatikizo atatu, monga momwe tinapangira sukulu ndi foloko. Pobwereka mawu kulowetsa m'Chinyanja zimenezi nzoyenera. Polankhula Chingerezi mwana aphunzire kuomba m'manja kamodzi kokha pa liwu lonse. Pa "fl" Chipwitikizi chimathandiza, pakuti amene amatha kunena *flor* ndi *flecha* wadziwa kale poyambira. Ambiri amavutika ndi *flagged*, amene nayenso ndi phatikizo limodzi, "g" kugundana ndi "d" popanda lembo la liwu pakati. Pa *flags* lembo lomaliza limamveka ngati "z".

Samalaninso "l" ndi "r". Kwa ife malembo awiriwa sasintha tanthauzo la liwu, koma m'Chingerezi amasintha. Mwana wofuna kunena kuti *we fly the flag* akanena kuti *we fry the flag*, walengeza kuti kusukulu kwawo amakazinga mbendera. Chitsanzo chimenechi ana sachiiwala. Polemba, "g" amawirikizidwa mu *flagged* ndi *flagging*, motsatira lamulo lomwe limapereka *stopped* ndi *planning*.

M'kalasi

Si zonse zili m'phunziro lino zimene mukapereke kwa ana. Oyamba kumene Chingerezi akwanitsidwe ndi mbendera, mawu oyenda nayo, ndi *flag down*. Kuika chizindikiro, *red flag*, *white flag* ndi kulefuka zidikire ana amene ayamba kuwerenga ndime zathunthu. Mwala ndi duwa ndi za inu aphunzitsi, kuti mwana wachidwi akazipeza m'buku lotanthauzira mawu musadzamuuze kuti bukulo lalakwitsa.

Phunziro la mphindi 45 likhoza kuyamba popanda liwu lililonse la Chingerezi. Lembani "kumva" pa bolodi ndipo pemphani ziganizo. Ana akapereka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, jambulani mtengo, "kumva" pa thunthu, tanthauzo lililonse pa nthambi yake. Kenaka funsani ngati mtengo wa pamsika ungakhale nthambi ya mtengo wa m'nkhalango. Mwina wina adzati:

"Ayi, aphunzitsi, amenewo ndi mawu awiri. Angofanana polemba."

"Wadziwa bwanji, mwanawe?"

"Chifukwa palibe chimene chikuwagwirizanitsa. Ndiponso sitiwatchula mofanana."

Yankho lotere likatuluka, ana akonzeka. Jambulani mtengo wachiwiri wokhala ndi *flag* pa thunthu, ndipo perekani ziganizo za Chingerezi chimodzichimodzi, ana azikambirana awiriawiri m'Chinyanja kuti chiganizo chilichonse chipite pa nthambi iti, kapena ngati chikufuna mtengo wakewake pambali. Musafulumire kuwapatsa yankho. Mkangano wa ana awiri pa *She flagged in the afternoon* ndiwo phunziro lenilenilo. Gawo lomaliza likhale la Chingerezi chokhachokha: mmodzi aimike basi, wina akhale wothandizira woyimbira mpira, wina athamange mpaka kulefuka, ndipo anzawo anene m'Chingerezi chimene akuona.

Poyesa ana, pewani funso lakuti "Kodi *flag* ndi chiyani?" lopanda chiganizo. Funso lotere lili ndi mayankho olondola osachepera asanu, ndipo mukachonga limodzi lokha mukulanga mwana amene akudziwa zambiri. Perekani chiganizo, ndipo funsani tanthauzo la liwulo m'chiganizo chimenecho. Phunzitsaninso ana kuwerenga matanthauzo onse a liwu m'buku lotanthauzira mawu, chifukwa ambiri amaima pa nambala 1 nkutseka buku.

Ntchito

Masulirani ziganizo izi m'Chinyanja, kenaka m'Chipwitikizi, ndipo pa chilichonse nenani chimene chakuthandizani kusankha tanthauzo: *The nurse flagged two children for a second test. We flagged down a lorry near the border. By the third week the pupils' attention was flagging. A stiff neck with fever is a red flag. The kitchen floor was laid with grey flags.* Yerekezani zimene mwalemba ndi za mnzanu wochokera dera lina, pakuti wa ku Lago ndi wa ku Angónia mwina sasankha mawu ofanana, ndipo kambiranani kuti ana a kwanu angamve msanga liwu liti.

Mukatero, sankhani liwu limodzi la Chinyanja lokhala ndi matanthauzo osachepera anayi, kupatula kumva ndi kupsa, ndipo konzani mphindi khumi zoyambirira za phunziro limene lidzatsogolere ana ku liwu la Chingerezi lakuti *bank* kapena *match*.